Buggy yomangidwanso koma ikutentha, ikuzima kapena ikukana kulira: poyambira kufufuza

Nkhani imene imabwera mobwerezabwereza ndi iyi: munthu wamasula injini ya buggy yonse, wagula mapisitoni ndi masilinda atsopano, waimanga bwinobwino, koma pakangopita miyezi ingapo yanokanso, nthawi zambiri pa silinda yomweyo. Zikatero, dziwani kuti chimene chinapha injiniyo poyamba sichinali m'kati mwake ayi. Chinali kunja, ndipo mwachibwezera pamalo pake pomanga: lata losowa, taimingi yolakwika, mpweya wolowa mwakuba, kapena waya wolumikizidwa mwachisawawa.

Ma buggy ambiri amamangidwa pa tchesi ya VW Beetle yofupikitsidwa, pamwamba n'kuikapo bodi ya fibreglass, potsata mtundu wa Meyers Manx, woyendera m'zitunda za mchenga, umene Bruce Meyers anapanga ku California mu 1964. Injini yake ndi ya masilinda anayi ogona, yozizira ndi mphepo ndi oyilo basi. Kuno ku Chipata tilibe zitunda za mchenga, koma tili ndi fumbi la misewu ya ku Chadiza ndi ku Vubwi, udzu wouma, mchenga wa m'mitsinje ya ku Mambwe, ndi dzuwa la Okutobala ku Mfuwe. Zonsezi ndi adani a injini imeneyi.

Manambala oti akhale m'thumba, pa injini ya 1600

- Mpata wa mavavu: 0.15 mm, injini itazizira kwathunthu.
- Mpata wa mapointi: 0.4 mm. Wa mapulagi: 0.6 mpaka 0.7 mm.
- Moto umayenda motere: 1-4-3-2.
- Oyilo: malita 2.5.
- Mukaima kumbuyo kwa galimoto: kumanja kuli silinda 1 kutsogolo ndi 2 pafupi nanu, kumanzere kuli 3 kutsogolo ndi 4 pafupi nanu.

CHIZINDIKIRO 1: INJINI IKUTENTHA

Popeza mulibe madzi, simudzaona nthunzi yokuchenjezani. Zizindikiro zake ndi izi: kulira kwa "tsetsetse" pokwera phiri, mphamvu kuchepa, fungo la oyilo wopsa, getsi la oyilo kuphethira mukaima, kapena injini kupitiriza kugunda mutazimitsa kale kiyi. Sololani kachitsulo koyezera oyilo. Ngati chogwirira chake sichikugwirika ndi manja chifukwa cha kutentha, injini yapyola malire. Amene muli ndi geji, oyilo akamadutsa madigiri 120 imani.

Yambani ndi izi, motsatana:

1. *Lamba wa fani.* Lamba mmodzi yemweyo ndiye amazungulitsa jenereta ndi fani. Kanikizani ndi chala chachikulu pakati pake. Alowe 10 mpaka 15 mm. Kumukoka sikusuntha jenereta monga pa magalimoto ena. Mumamasula theka lakunja la pule ya jenereta n'kuchotsa timawashala tapakati. Mukachotsa lamba amalimba, ndipo timene mwachotsato mumatisunga kunja pansi pa nati. Ngati wina anaika pule yaing'ono pa crankshaft kuti awonjezere mphamvu, ichotseni. Imachedwetsa fani, ndipo kuno kwathu mphamvu pang'ono imeneyo mumailipira ndi hedi.

2. *Malata osowa.* Apa ndi pamene pagona vuto la ma buggy ambiri. Chifukwa injini imaonekera poyera, eni ake amachotsa malata kuti ioneke bwino, poganiza kuti mphepo ya panjira iiziziritsa. Sizitero. Fani imakankhira mpweya m'chibokosi chake, ndipo malata ndiwo amautsogolera kuti udutse pakati pa zipsepse za mahedi ndi masilinda. Fani yopanda malata ili ngati kuthirira dimba ndi keni yobooka: madzi amathera m'njira. Onani izi chimodzichimodzi:
   - Timalata tating'ono tapansi pa masilinda, pakati pa masilinda awiri mbali iliyonse. Timaikidwa machubu a ma pushrod asanalowe, n'chifukwa chake timaiwalika pomanga. Tikasowa, palibe kuchitira mwina, hedi ichoke.
   - Makamwa awiri a chibokosi cha fani amene kale ankapita ku hita. Buggy ilibe hita, ndiye ngati sanatsekedwe, mpweya wambiri ukuthawira pamenepo. Atsekeni.
   - Timalabala tozungulira mawaya a mapulagi potseka mabowo a malata.
   - Timakomo ta m'chibokosi cha fani timene thermostat imatsegula. Ngati thermostat inachotsedwa, timakomoto timangidwe totsegula. Musatichotse, chifukwa ngakhale titatseguka timalozetsa mpweya ku mahedi.

   Malata onyezimira ogula sakhala bwino kawirikawiri, amasiya mipata. Lata lakale la VW lakuda, ngakhale lokalamba, ndimalikhulupirira koposa.

3. *Zinyalala pa zipsepse ndi mu fani.* Galimoto ikakhalitsa osayenda, makamaka nyengo yokolola chimanga chili pafupi, makoswe amamanga zisa m'chibokosi cha fani, ndipo mavu amamata dothi pakati pa zipsepse. Pakamwa pa fani pali kutsogolo kwa chibokosi, kumene maso saonako. Injini itazima, kiyi ali m'thumba, pisaniko dzanja. Mupezako mapepala apulasitiki, udzu, nthawi zina kansanza. Ikaniko sefa wa waya wa maso akuluakulu. Oyilo wodontha akasakanizika ndi fumbi amapanga chikhungu chimene chimasunga kutentha. Tsukani ndi palafini injini itazizira.

4. *Taimingi.* Kutchera ndi khutu kwapha injini zambiri. Moto ukafulumira kwambiri injini imamveka yamphamvu poyamba, koma ikudzidya. Gwiritsani timing light: chotsani kapaipi ka vacuum ngati kalipo, kwezani injini mpaka moto utasiya kusuntha, cha m'ma 3,000 mpaka 3,500 rpm, ndipo usapitirire madigiri 28 mpaka 32 pisitoni isanafike pamwamba. M'nyengo yotentha khalani cha kumunsi kwa manambalawa. Chenjezo: kamzere ka pa pule sikaimira malo amodzi pa injini zonse, ndipo mapule anasinthanitsidwa kambirimbiri pa zaka zonsezi. Pezani nokha pamwamba penipeni pa pisitoni 1 n'kulembapo chizindikiro chanu.

5. *Mpweya wakuba.* Mpweya ukamalowa kuseri kwa kabuleta, petulo amachepa m'chisakanizo ndipo moto umatentha kwambiri. Pamakhala pa malabala awiri olumikiza manifold, pamene manifold yakumana ndi hedi, pansi pa kabuleta, kapena pa shafiti ya kabuleta yodyeka. Pulagi yoyera mbuu ndi umboni. Yabwino imakhala yofiirira. Injini ikulira payokha, fayirani pang'ono mankhwala otsukira kabuleta pamalo amenewa. Kaliridwe kakasintha, mwapeza. Chitani izi panja, chozimitsira moto chili pafupi.

6. *Mavavu othina.* Vavu ya ekizozi imataya kutentha ikakhala pampando wake. Mpata ukatha siikhala mokwanira, imapsa, kenaka mutu wake umaduka n'kugwera pa pisitoni. Yezani pa makilomita 5,000 aliwonse. Mukaona vavu imodzi ikuthina nthawi iliyonse mukayeza, ikutamuka kapena mpando wake ukumira. Musadikire: hedi ichoke.

7. *Matayala aakulu ndi giya yolemera.* Fani imathamanga molingana ndi injini. Mukakwera mapiri a pakati pa Luangwa Bridge ndi Kacholola, kapena pochokera ku Mfuwe kubwerera ku Chipata, muli m'giya yachinayi phazi lili pansi, injini ikupanga kutentha kochuluka pamene fani ikuzungulira mwaulesi. Tsikirani ku yachitatu. Injiniyi imakonda kulira, siikonda kubuula.

Za silinda 3 ndinenepo pang'ono. Pa injini zisanafike za 1971, oil cooler inkaima m'kati mwa chibokosi cha fani mbali ya kumanzere, moti mpweya wopita ku silinda 3 unkafika utatenthedwa kale. N'chifukwa chake vavu yake ya ekizozi ndiyo imayamba kufa. Kuyambira 1971 VW inasunthira cooler m'kachipinda kake kunja kwa njira ya mpweyawo, ndi fani yokulirapo. Ngati mukumanganso injini yakale ndipo mwapeza chibokosi cha mtundu watsopanowo, tengani zonse pamodzi: chibokosi, fani, cooler, chokhazikira chake ndi timalata totulutsa mpweya wotentha. Kusakaniza fani yakale yopyapyala ndi chibokosi chatsopano n'kungotaya nthawi.

*Imani pomwepo ngati:* getsi lofiira la jenereta layaka mukuyenda. Pa galimoto iyi getsilo lingatanthauze kuti lamba waduka ndipo fani yaima; injini ipsa m'mphindi zochepa. Ndipo musathire madzi pa injini yotentha. Mahedi ndi a aluminiyamu, amang'aluka.

CHIZINDIKIRO 2: SIKULIRA

*Sitata ikungoti "tcha" kapena ikuzungulira mofooka:*

1. Mitu ya batire yadzimbiri kapena yosamanga. Batire lodzaza limaonetsa mavoti 12.6.
2. Lamba wa earth wochoka pa giyabokosi kupita ku tchesi. Amaiwalika pobwezera injini. Akasowa, magetsi a sitata amafuna njira ina, ndipo amadutsa pa kebulo ya kilachi kapena ya mafuta. Kebulo ikamatentha poliza, vuto ndi limeneli.
3. Waya wa nambala 50, wochoka pa kiyi kupita ku sitata, wataya mphamvu m'njira. Ikani relay pafupi ndi sitata.
4. Bushi ya sitata. Nsonga ya shafiti ya sitata imakhala m'kabushi ka mu giyabokosi. Kakadyeka, sitata yabwinobwino imaoneka ngati yakufa.
5. Kukukuta mano: flywheel ya nthawi ya mavoti 6 ili ndi mano 109, ya mavoti 12 ili ndi 130. Sitata igwirizane ndi flywheel, osati ndi batire lokha.

*Sitata ikuzungulitsa bwino koma injini siigwira, makamaka mutangoimanga:*

1. Mawaya a mapulagi asokonezeka. Zungulitsani mpaka pisitoni 1 ili pamwamba, mavavu ake onse awiri ali otseka. Kumene rota yaloza ndiko kupite waya wa 1, kenaka 4, 3, 2 motsata kayendedwe ka wotchi. Ikamaphulitsa m'kabuleta kapena mu ekizozi, nthawi zambiri mwatchera pa silinda 3 m'malo mwa 1.
2. Palibe moto. Kiyi atatsegula, nambala 15 pa koilo ikhale ndi mavoti 12. Waya wa disitibyuta upite pa nambala 1. Onani ngati mapointi akutseguka.
3. Petulo sakufika. Suzumirani m'kabuleta injini itazima, kokani mafuta. Muone kamtsinje ka petulo. Ngati palibe, tsatirani paipi kubwerera ku pampu, sefa, mpaka thanki.
4. Mavavu anatcheredwa pamalo olakwika ndipo sakutseka.

CHIZINDIKIRO 3: IMAZIMA MUKACHOTSA PHAZI, KAPENA IKAYENDA PANG'ONO

1. *Jeti ya idling yatsekeka.* Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, ndi dzimbiri la thanki yakale, ndizo zimabweretsa zimenezi. Imasuleni, ipemerereni ndi mpweya. Musaitokose ndi waya, mudzakulitsa bowo.
2. *Kavavu ka magetsi ka pambali pa kabuleta ya Solex.* Kiyi atatsegula, chotsani waya wake n'kugunditsanso, kazimveka "tcha". Kakakhala chete, injini siingalire payokha.
3. *Mpweya wakuba*, monga tanenera pamwambapa.
4. *Thanki siikupuma.* Ikazima mutayenda makilomita angapo, tsegulani chitsekerero cha thanki. Mukamva mpweya ukulowa, kapaipi kopumira katsekeka, mwina ndi mavu omwe aja.
5. *Kondensa kapena koilo* yofooka ikatentha. Ikazizira imaliranso ngati palibe chachitika.
6. *Timapaipi totenthetsa manifold* tochokera ku ekizozi. Ekizozi zambiri za buggy zilibe polumikiza timeneti, ndipo m'mawa wa Juni kapena Julayi injini imazengereza mukaponda mafuta. Si kabuleta yolakwa.

CHIZINDIKIRO 4: OYILO AKUDONTHA KAPENA GETSI LAKE LIKUYAKA

Injiniyi ilibe fyuluta ya oyilo, ili ndi kasefa ka waya pansi basi. Choncho fumbi lililonse lolowa limazungulira m'maberingi mpaka mutakhetsa oyilo. Bukhu la VW limati oyilo azisinthidwa pa makilomita 5,000 aliwonse. M'fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala ine ndimati theka lake, ndi oyilo wa 20W-50. Tinati tisanu ndi kamodzi ta pa mbale ya kasefa timangidwe mopepuka, timathyoka msanga.

Malo amene amadontha kawirikawiri, kuyambira ofala: magasiketi a zivundikiro za mavavu, malabala a machubu a ma pushrod, malabala a pansi pa oil cooler, amene akatha fani imamwaza oyilo mbali yonse ya kumanzere, ndi silo ya kuseri kwa flywheel, imene imanyowetsa kilachi. Nunkhizani: oyilo wa giyabokosi ali ndi fungo lake lamphamvu, musamasule injini chifukwa cha silo ya giyabokosi.

Kuseri kwa pule ya crankshaft VW sinaikeko silo. Pali timizere tozungulira tobwezera oyilo m'kati, ndipo timizere tomweto timakokera mchenga m'kati mukamayenda mumtsinje wouma. Amene mumapita m'mchenga kawirikawiri, ikani pule yokhala ndi silo yotchinga mchenga. Oyilo akamatuluka pamenepo mochuluka, maring'i atha kapena paipi yopumira injini yatsekeka.

Getsi likamaphethira pa idling injini itatentha kwambiri, yambani mwayeza oyilo, kenaka sinthani kaswitchi, kenaka ikani geji yeniyeni. Injini yabwino yotentha imapereka pafupifupi 0.7 bar pa 1,000 rpm iliyonse.

*Zimitsani msanga ngati:* getsi layaka mukuthamanga, kapena mukumva kugogoda kolemera pansi.

CHIZINDIKIRO 5: MAGETSI AKUCHITA ZACHILENDO

Mukaponda buleki ma indicator akuyaka. Mukayatsa nyali geji ya petulo ikugwa. Huta ikulira mwa apo ndi apo. Musanaganize zina, kumbukirani kuti fibreglass siidutsa magetsi. Pa Beetle bodi yachitsulo ndiyo inkabweza magetsi ku batire. Pa buggy, nyali iliyonse, geji iliyonse, ngakhale choyezera cha mu thanki, chimafuna waya wakewake wa earth wopita ku tchesi.

1. *Earth yofooka.* Tengani waya wautali kuchokera pa negativu ya batire n'kugunditsa pa chitsulo cha nyali yovutayo. Ikachira, mwapeza. Konzani malo awiri osonkhanitsira ma earth, kutsogolo ndi kumbuyo, pa chitsulo chopalidwa mpaka kuwala.
2. *Mfundo zopota ndi manja n'kukulunga tepi.* M'dzuwa tepi imamasuka. Ziduleni, ikani matemino ofinyidwa bwino.
3. *Mafyuzi akale a dothi*, oyera a 8A ndi ofiira a 16A, amachita dzimbiri kunsonga. Bokosi latsopano la mafyuzi a mano awiri limathetsa nkhaniyi, ndipo mafyuzi ake amapezeka m'mashopu a masipeya m'tauni muno.
4. *Waya wopekeseka* podutsa bowo lopanda labala, kapena wodyedwa ndi makoswe. Fyuzi ikamapsa mobwereza, musaikepo waya kapena pepala la siliva. Lumikizani babu m'malo mwa fyuzi: likawala kwambiri shoti ilipo, gwedezani mawaya chigawo ndi chigawo mpaka babu litazilala.

Manambala a pa zipangizo za ku Germany amathandiza kwambiri pomanganso mawaya: 30 ndi moto wochokera ku batire nthawi zonse, 15 ndi moto wa kiyi, 31 ndi earth, 50 ndi sitata, 61 kapena D+ ndi getsi la kuchaja. Samalani ndi waya wa 15 wopita ku koilo, choke ndi kavavu ka kabuleta: pa mawaya a VW akale sudutsa pa fyuzi, ndiye ukagunda chitsulo umapsa utali wake wonse mpaka pa kiyi.

*Batire silikuchajidwa:* injini ikulira cha pa 2,000 rpm, pa batire pakhale mavoti 13.5 mpaka 14.5. Ngati palibe, onani lamba, kenaka babu la getsi lofiira. Alternator imadzutsidwa ndi magetsi odutsa m'babu limenelo. Likapsa, kapena mukaikapo LED yokha, siiyamba kuchaja. Pa jenereta yakale onani mabulashi ndi regulator.

CHIZINDIKIRO 6: FUNGO LA PETULO

Ichi sichidikira mawa. Kabuleta ili pafupi kwambiri ndi disitibyuta ndi koilo. Kapaipi ka mkuwa kolowetsa petulo m'kabuleta ndi kongokhomera, ndipo sefa yolendewera pakati pa pampu ndi kabuleta imakagwedeza m'mabampu mpaka kusololoka. Sunthirani sefa kumbali ya thanki, pampu isanafike. Sinthani mapaipi onse olimba kapena ong'aluka, paliponse pakhale kilampu, ndipo mangani kapaipi kamkuwako ndi waya. Yendani ndi chozimitsira moto cha ufa pamalo ofikirika, ndipo ikani switchi yodula batire. Thupi la injiniyi ndi la chitsulo chosakaniza ndi magnesium. Chikagwira moto, madzi amangowonjezera ukali. Zikafika pamenepo talikirani.

KWA AMENE MUNAIKA INJINI YA MADZI

Ena anachotsa ya VW n'kuika ya Toyota kapena Golf. Ikamawira: mpweya watsekeredwa m'mapaipi aatali, ndiye pothirira madzi pakhale pamwamba pa zonse ndipo muike potulutsira mpweya; radiyeta ili kuseri kwa mipando kumene mphepo siifika; fani ikuzungulira chobwerera chifukwa mawaya anatembenuzidwa; chitsekerero chafooka; njere za udzu zatseka maso a radiyeta. Thovu losatha m'madzi kapena oyilo wooneka ngati mkaka ndi gasiketi ya hedi. Musatsegule chitsekerero injini ili yotentha.

PAMENE MUYENERA KUITANA KATSWIRI

- Mwagwira pule ya crankshaft ndi manja awiri, mwaikankha ndi kuikoka, ndipo ikusuntha mooneka ndi maso. Mpata woyenera ndi 0.07 mpaka 0.13 mm. Ngati beringi yayamba kuvina m'thupi la injini, timawashala ta kuseri kwa flywheel totcherera mpatawo sitithandiza. Thupilo likufunika kupalidwa pa makina.
- Nati ya hedi ikungozungulira osalimba, kapena mukumva "pyepyepye" pansi pa hedi injini ikadali yozizira. Sitadi yazuka m'thupi la injini, pafunika kuikamo mano atsopano achitsulo mowongoka.
- Hedi yang'aluka pakati pa mavavu kapena kufika pa bowo la pulagi, kapena mpando wa vavu wamasuka.
- Compression ya silinda imodzi yatsika ndi 2 bar kapena kuposerapo poyerekeza ndi anzake, mavavu mutawatchera kale.
- Tizitsulo tonyezimira mu oyilo kapena pa kasefa.
- Nati yaikulu ya flywheel. Imafuna pafupifupi 350 Nm. Kuimanga mongoyerekeza ndi paipi yaitali kumawononga crankshaft ikamasuka.
- Mawaya asungunuka m'mtolo. Amisiri a magetsi a galimoto amange mtolo watsopano. Kuzigamba apa ndi apo kumasiya waya wopsa wobisika pakati.

Musananyamule thupi la injini kupita nalo ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 550, kapena kuwoloka pa Mwami kupita ku Lilongwe, imbani kaye foni mufunse ngati ali ndi chida chopalira mipando ya maberingi a injini ya VW yozizira ndi mphepo, ndiponso ngati maberingi a saizi imene apaleyo alipo. Maberingi amenewa amayezedwa patatu: m'kati molingana ndi crankshaft, kunja molingana ndi thupi la injini, ndi m'lifupi mwa beringi ya ku flywheel. Musagule asanayeze.